Phunziro la Mwezi Uno: Zitumbuwa za Nsomba Yowedza Tokha Kuno ku Toronto

Mmalawi ndi nsomba salekana. Wina anakulira pa chambo cha ku Mangochi, wina pa usipa wa ku Nkhata Bay, wina pa matemba a ku Chilwa, winanso pa mlamba wa kudambo la kwawo. Kuno ku Canada nsomba ilipo m'masitolo, koma mtengo wake umabweza dzanja m'thumba, makamaka kwa ife amene malipiro athu amadyedwa pawiri, kuno ndi kumudzi. Ndiye tikaona anthu atakhala ndi mbedza zawo m'mbali mwa nyanja ya Ontario, mtima umati, "Nanga ife tikudikira chiyani?"

Kuwedza n'kololedwa ndithu, ndipo ndiwo zake n'zokoma. Koma madzi a kuno ali ndi malamulo ake, ndipo nsomba zake sitingazidye mmene timadyera za kwathu, mutu, khungu ndi msuzi womwe. M'phunziro lino tiona njira imodzi yabwino yodyera nsomba ya kuno, yomwe ndi kupanga zitumbuwa za nsomba, zimene eni dziko amati fish cakes. Tiyamba ndi za kunyanja, kenaka tilowe kukhitchini.

Nsomba zake ndi ziti?

Nsomba yotchedwa striped bass ndi yabwino pa zitumbuwazi. Ndi nsomba yaikulu, ya mizere yakuda yochokera kumutu mpaka kumchira, ndipo mnofu wake ndi woyera, wogwirana bwino. Koma musadzivute kuifunafuna pagombe la Toronto. Kwawo ndi kunyanja ya mchere ya Atlantic, ndipo imalowa m'mitsinje kukaswana, makamaka mu mtsinje wa Miramichi ku New Brunswick. Mu mtsinje wa St. Lawrence ku Quebec inatheratu m'zaka za m'ma 1960, ndipo anayamba kuibwezeretsamo mu 2002. Kuno ku Toronto timaiona ili pa ayezi kumsika basi, ndipo ina mwa iyo imakhala yoweta.

Tisadandaule, chifukwa achibale ake tili nawo pafupi. M'nyanja ya Ontario muli white bass ndi white perch, zomwe ndi za banja limodzi ndi striped bass. Mulinso yellow perch, largemouth bass, smallmouth bass, pike, carp, mlamba wa kuno wotchedwa bullhead, ndi tinsomba tina tofanana ndi kasawala totchedwa bluegill ndi pumpkinseed. Anthu amawedza ku Toronto Islands, ku Tommy Thompson Park, ku Bluffer's Park ku Scarborough, ku Frenchman's Bay ku Pickering, ku Port Credit ku Mississauga, ndiponso kunyanja ya Simcoe chakumpoto kwa mzindawu, komwe kumatchuka ndi perch.

Mu Sepitembala ndi Okutobala mudzaona zinsomba zikuluzikulu za salmon zikukwera mitsinje ya Humber ndi Credit kukaikira mazira, monga momwe mpasa umakwerera mtsinje wa Bua ku Nkhotakota. N'zokongola kuonerera, ndipo malovu amadzadza m'kamwa. Koma dikirani kaye mumve zotsatirazi.

Laisensi poyamba, mbedza pambuyo

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ku Ontario munthu wa zaka 18 mpaka 64 sawedza opanda laisensi. Pamafunika khadi lotchedwa Outdoors Card, lomwe limagwira ntchito zaka zitatu, kuphatikizapo laisensi yeniyeniyo. Malaisensi alipo mitundu iwiri. Ya sport imalola nsomba zochulukirapo, pamene ya conservation ndi yotchipirapo ndipo imalola zochepa. Palinso ya tsiku limodzi yomwe siifuna khadi lija. Zonsezi zimagulidwa pa intaneti, m'maofesi ena a ServiceOntario, ndi m'masitolo ambiri ogulitsa zida zowedzera.

Apa pali mfundo yotikhudza ife obwera. Lamuloli siliyang'ana mtundu wa pasipoti, limayang'ana komwe munthu akukhala ndi nthawi yomwe wakhalako. Amene pakhomo pake penipeni ndi kuno, ndipo wakhala miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana m'miyezi 12 yapitayo, amawerengedwa ngati wokhala kuno. Amene wangofika kumene, kapena wabwera kudzagwira ntchito ya nyengo yochepa kumafamu, agule laisensi ya alendo, ngakhale ili yokwererapo mtengo. Kanayi pachaka boma limalola okhala mu Canada kuwedza ulere: kumapeto kwa sabata ya Family Day mu Febuluwale, ya Mother's Day mu Meyi, ya Father's Day mu Juni, ndi sabata ya Canada Day kumayambiriro kwa Julayi. Mwayi umenewu ndi wa okhala kuno okha, ndipo malamulo ena onse amagwirabe ntchito masiku amenewo.

Chaka ndi chaka boma limatulutsa kabuku kotchedwa Ontario Fishing Regulations Summary. Ndi kaulere, ndipo kali pa intaneti. Madzi onse anawagawa m'zigawo. Nyanja ya Ontario ndi Zone 20, pamene mitsinje ndi maiwe ambiri ozungulira Toronto ali mu Zone 16. Chigawo chilichonse chili ndi nyengo zake zotsegulira ndi kutseka. Mwachitsanzo, bass saloledwa kutengera kunyumba m'miyezi yoswana, mpaka cha mu Juni kapena Julayi malinga ndi chigawo ndi mtundu wake. Izi si zachilendo kwa ife. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo n'chifukwa chake utaka ukadalipo kumeneko.

Zina zoti tizisunge m'mutu ndi izi. Makoka, matchera, mono ndi katupe tinazisiya kumudzi, kuno ndi mbedza. Kukola nsomba pamsana kapena pamimba ndi mbedza n'koletsedwa, iyenera kuluma yokha nyambo. Sitiwedza pafupi kwambiri ndi kumunsi kwa damu kapena pamakwerero a nsomba, tiyenera kutalikira mamita 23. Chiwerengero cha nsomba zololedwa chimaphatikiza ndi zimene zili kale m'firiji kunyumba. Kusiya nsomba yodyedwa kuti iwole ndi mlandu. Kugulitsa nsomba yowedza ndi mbedza nawonso ndi mlandu, choncho maganizo a kageni ka zitumbuwa kutchalitchi kapena kuntchito tiwaiwale. Ofisala wa zachilengedwe akakupezani mwalakwa, pali chindapusa, ndipo angathe kulanda zida zanu. Ndalama yomwe ikanakalipira fizi ya mwana kumudzi isathere pa nsomba ziwiri.

Zimene maso saona

Madzi a nyanja ya Ontario amaoneka oyera, nsomba zake zonenepa bwino. Vuto ndi loti kwa zaka zambiri mafakitale a mbali zonse ziwiri, ku Canada ndi ku United States, ankatayiramo mankhwala oopsa. Ena mwa mankhwalawa, otchedwa PCB, Canada inaletsa kuwapanga ndi kuwagulitsa mu 1977, koma sawola msanga, akadali m'matope a pansi pa nyanja. Mu 1987 madzi a m'mbali mwa Toronto anaikidwa pamndandanda wa malo ofunika kuwakonza mwapadera m'nyanja zikuluzikulu za kuno. Zinthu zasintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, koma sizinatheretu.

Mankhwalawa amayenda motere: tizilombo ta m'matope timawadya, tinsomba timadya tizilomboto, nsomba zazikulu zimadya tinsombato. Choncho nsomba ikakhala yaikulu ndi yokhalitsa, poizoni amachulukanso m'thupi mwake. Kwathu msodzi amanyadira kampango wamkulu. Kuno nzeru ndi kusankha yaing'ono kapena yapakatikati.

Poizoniyu ali pawiri. Wa mtundu wa PCB amakhala m'mafuta a nsomba, ndiye kuti pakhungu, pamimba ndi mu mnofu woderapo wa m'nthiti. Amachuluka mu nsomba zonona monga salmon, trout, carp ndi mlamba. Uyu tingathe kumuchepetsa ndi mpeni komanso kaphikidwe. Wina ndi mercury, yemwe amalowerera mu mnofu weniweniwo, makamaka wa nsomba zodya zinzake monga bass ndi pike. Uyu sachoka, kaya muwiritse, kaya mukazinge, kaya muwambe. Mercury amaononga ubongo wa mwana amene akukula, kuyambira ali m'mimba. Sanunkha, salawika, ndipo munthu sadwala tsiku lomwelo ayi, amangounjikana m'thupi pang'onopang'ono.

Pachifukwa ichi boma la Ontario limayeza nsomba za m'malo oposa 2,000 n'kulemba zotsatira zake mu Guide to Eating Ontario Fish, yomwe mungaione ulere pa foni. Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Pezani dzina la malo omwe mwawedzawo, pezani mtundu wa nsomba, yezani kutalika kwake kuchokera kukamwa mpaka kunsonga ya mchira. Mupeza nambala, kuyambira 0 mpaka 32, yosonyeza kuti mungadye kangati pamwezi. Mizere ilipo iwiri. Wina ndi wa anthu onse, wina ndi wa ana osakwana zaka 15 pamodzi ndi amayi oyembekezera kapena amene angathe kutenga pakati. Akati kudya kamodzi akutanthauza magalamu 227 a mnofu kwa munthu wolemera makilogalamu 70, ndipo kwa mwana muyeso umachepa molingana ndi thupi lake. Nambala ikakhala 0, nsombayo ibwerere m'madzi, palibenso zokambirana. Paja phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Chifukwa chiyani zitumbuwa?

Manambala onse a m'bukuli anawawerengera pa mnofu wa kumsana wopanda khungu. Ife kwathu timadya zonse, mutu ndiye wa bambo, msuzi ndiye wa ana. Tikachita zimenezo ndi nsomba ya m'nyanja ya Ontario, ndiye kuti tikudya mbali zomwe zili ndi poizoni wambiri, ndipo manambala aja sakutitetezanso. Zam'mimba ndi mazira ndiye osayerekeza n'komwe.

Ubwino wa zitumbuwa ndi woti zimafuna mnofu wokhawokha. Kachiwiri, mbatatesi imachulukitsa ndiwo, moti nsomba yochepa imakwanira nyumba yonse. Taonani masamu ake. Mnofu wa magalamu 450 umatulutsa zitumbuwa 12. Anthu asanu ndi mmodzi akadya ziwiriziwiri, aliyense wadya magalamu 75 a nsomba, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a muyeso uja wa munthu wamkulu. Onse akhuta, onse alawa nsomba. Kachitatu, popeza mnofu timaunyenya ndi zala, minga zonse zimapezeka, ngakhale za pike zomwe zimavuta zija, ndipo ana amadya opanda mantha.

Kuchokera m'madzi kufika pakhomo

Nsomba imayamba kuonongeka ikangofa. Pitani kunyanja ndi bokosi la ayezi. Mukaigwira ndipo mwatsimikiza kuti ndi yololedwa, ipheni msanga, itumbuleni, muiike pa ayezi. Mukaisenga konko, siyani kachigamba ka khungu pa mnofu uliwonse kuti ofisala athe kuzindikira mtundu wake ndi kuwerenga. Iphikeni tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Kunyumba, igonekeni pathabwa. Ndi mpeni wakuthwa dulani kuseri kwa mutu mpaka mufike pafupa, kenaka yendetsani mpeniwo motsata fupa la pamsana mpaka kumchira. Tembenuzani, muchitenso chimodzimodzi mbali inayo. Chotsani khungu, dulani mnofu wa kumimba, ndipo palani mzere woderapo uja woyenda pakati pa nthiti. Pa white bass ndi striped bass mzerewu umaoneka wofiirira, ndipo ndi womwe umabweretsa fungo lamphamvu. Mukaona timadontho takuda kapena timphutsi tachikasu mu mnofu wa perch kapena bass, musataye nsomba yonse. Tochepa mungathe kutichotsa ndi nsonga ya mpeni, ndipo timafa nsomba ikapsa bwino. Zotsala zonse zipite mu Green Bin.

Zofunika

Mnofu wa nsomba, magalamu 450
Mbatatesi, theka la kilogalamu
Anyezi mmodzi wodula bwinobwino
Adyo, timano tiwiri tosinja
Dzira limodzi
Nyenyeswa za buledi wouma, theka la kapu
Madzi a ndimu imodzi
Mchere, supuni yaing'ono imodzi
Kambuzi kapena tsabola wina aliyense, momwe mumakondera
Mgaiwa kapena ufa wa tirigu wogubuduzirapo
Mafuta ophikira okwanira kuphimba pansi pa chiwaya

Kapangidwe kake

1. Sendani mbatatesi, iwiritseni m'madzi a mchere mpaka ifewe. Khetsani madzi onse, muibwezere pamoto mphindi imodzi kuti iume, kenaka ipoteni. Musathiremo mkaka kapena majarini. Isiyeni izizire.

2. Phikani mnofu ndi nthunzi. Uikeni pasefa ya chitsulo pamwamba pa poto wa madzi owira, vundikirani, mudikire mphindi 8 mpaka 10. Ngati muli ndi uvuni, uikeni pawaya kuti mafuta azidontha. Wapsa ukayera mpaka mkati n'kumagawanika wokha. Madzi otsala mumpoto atayeni, musawasandutse msuzi ngakhale akununkhira bwanji.

3. Mnofu ukazizira, unyenyeni ndi zala m'mbale yaikulu uku mukufufuza minga. Musaupere ngati phala, tizidutswa tizioneka.

4. Kazingani anyezi ndi adyo m'mafuta pang'ono mpaka zifewe. Anyezi wamuwisi amatulutsa madzi ndipo amaphwasula zitumbuwa.

5. Sakanizani nsomba, mbatatesi, anyezi, mchere, tsabola ndi ndimu. Lawani tsopano, dzira lisanalowe. Zikakoma, thirani dzira ndi nyenyeswa za buledi, musakanize mofatsa.

6. Nyowetsani manja, umbani zitumbuwa 12 zaphwatalala, zokhuthala ngati chala chachikulu. Zigubuduzeni mu mgaiwa. Mgaiwa umapatsa kakhungu kokhukhuta bwino kuposa ufa wa tirigu.

7. Ziikeni m'firiji kwa mphindi 30. Ambiri amadumpha apa chifukwa cha njala, koma kuzizirako ndi kumene kumazilimbitsa.

8. Tenthetsani mafuta pamoto wapakatikati. Ikani zitumbuwa zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, zikhale mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse. Tembenuzani kamodzi kokha. Mkati mwake mukhale motentha ndithu. Amene muli ndi kachipangizo koyezera, a Health Canada amati nsomba ifike madigiri 70, ndipo chakudya chosakaniza ndi dzira ngati ichi chifike 74.

Zitumbuwa zikamaphwasuka, ndiye kuti madzi achuluka, onjezerani nyenyeswa za buledi. Zikamamwa mafuta, ndiye kuti chiwaya sichinatenthe. Zikamapserera kunja mkati musanatenthe, chepetsani moto. Mbatata yofiira kapena chinangwa zingathe kulowa m'malo mwa mbatatesi, ndipo masiku a chisanu pamene kunyanja sikupitika, nsomba ya m'chitini imagwiranso ntchito.

Zimayenda bwino ndi nsima, masamba ndi supu wa tomato ndi anyezi wopangira padera. Zimayendanso ndi mpunga, kapena kuziika pakati pa buledi ngati kamba wa kuntchito.

Kusunga, ndi kukhala bwino ndi anzathu

Zotsala zisakhale kunja kupitirira maola awiri. M'firiji zimakhala masiku atatu. Zosakazinga mungathe kuziumitsa mufiriza, kuika pepala pakati pake kuti zisamatirirane. Wobwera kuchokera ku shifiti ya usiku amangotulutsa ziwiri, mphindi zochepa wadya, osawononga ndalama kumalo ogulitsira zakudya.

Ambiri a ife timakhala m'zipinda za pansi kapena m'nyumba zogawana ndi anthu a mitundu ina. Pokazinga tsegulani zenera ndi kuyatsa fani ya pamwamba pa chitofu. Alamu ya utsi ikalira, musaichotse batire, lamulo la Ontario limaletsa, ndipo ndi yomwe idzakudzutseni tsiku la moto. Mafuta otsala asapite musinki, amatseka mapaipi ndipo mumayambana ndi eni nyumba. Ndipo mukaphika, patsankoni mnzanu wa chipinda chinacho chimodzi kapena ziwiri. Fungo la nsomba silivuta kwa munthu amene walawako.

Pomaliza, musapite kunyanja nokha. Madzi a kuno ndi ozizira kwambiri ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo miyala ya m'mbali ndi yoterera. Tengani mnzanu, makamaka amene wakhalitsa kuno, akuonetseni malo ndi nyengo zake. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi mnzathu amene wakhala ku Ontario miyezi itatu agule laisensi iti? Nanga angawedze ulere pasabata ya Canada Day?
2. N'chifukwa chiyani nsomba yaikulu ya m'nyanja ya Ontario ili yoopsa kuposa yaing'ono?
3. Ndi poizoni uti amene amachepa tikachotsa khungu ndi mafuta, ndipo ndi uti amene sachoka?
4. M'nyumba muli mayi woyembekezera ndi ana awiri. Tiyang'ane mzere uti m'buku lija?
5. Tingawafotokozere bwanji mwaulemu akuluakulu athu amene akufuna mutu ndi msuzi wa nsomba ya kuno?

Pamsonkhano wotsatira, amene muli ndi mafoni a intaneti mubwere nawo kuti tidzathandizane kupeza malo omwe aliyense amawedzako ndi manambala ake. Amene mwayesa kale kuphika, mudzatiuze momwe zinakhalira. Tikufunirani usodzi wabwino ndi moyo wathanzi nonse.